Kuchotsa Mabanga Otsala pa Zinthu Zolembedwa ndi Laser

Munthu woima pachipata cha Mwanza, pamene msewu wa M6 ulowera m'dziko la Mozambique cha ku Zobue, amaona magalimoto akuluakulu akubwera ndi katundu wochokera ku Tete, ku Beira, ku Zimbabwe ndi ku South Africa. Katundu wambiri mwa ameneyu ali ndi malembo amene sanalembedwe ndi utoto, ndiponso sanakhomedwe ndi nyundo. Masipanala, masupuni, makiyi ndi zitsulo za magalimoto masiku ano zimalembedwa ndi kuwala kotentha kotchedwa laser. Makina ang'onoang'ono a mtundu umenewu afika kale m'manja mwa amisiri olemba maina pa zikho za mpikisano, pa zikwangwani ndi pa miyala ya ziliza. Tsono ntchito imeneyi ili ndi vuto lake: pambali pa malembo pamatsala mabanga, ndipo mmisiri wofuna kuwachotsa mwaphuma amaononga katundu wa mwini wake.

Dzina lakuti laser limamveka ngati lezala, koma chida chimenechi chilibe mpeni. Laser yoyamba inapangidwa ndi Theodore Maiman ku California m'chaka cha 1960, ndipo mu 1964 Kumar Patel anapanga ina yogwiritsa ntchito mpweya wa carbon dioxide, imene mpaka lero imalemba pa matabwa, pa zikopa ndi pa magalasi. Kagwiridwe kake ka ntchito kamafanana ndi masewera a ana asukulu amene amasonkhanitsa kuwala kwa dzuwa ndi galasi lokuza zinthu mpaka pepala lipse. Makinawo amaunjika kuwala pa kadontho kakang'ono kwambiri, ndipo malowo amapsa, amasungunuka kapena amasanduka mtundu. Motero ntchitoyi ndi mbale wake wa luso lakale la amisiri a ku Mwanza amene amatenthetsa waya pamakala nalemba dzina pa mpini wa khasu kapena pa mpando. Onse awiri amalemba ndi moto, ndipo moto susowa kusiya mwaye.

Chinthu choyamba chimene mmisiri ayenera kuzindikira ndi chakuti mabanga ali a mitundu iwiri. Ena ndi litsiro chabe logona pamwamba, monga mwaye, utomoni ndi fumbi; amenewa amachoka ndi kupukuta. Ena ndi kusandulika kwa chinthu chenichenicho chifukwa cha kutentha; amenewa sachoka pokhapokha khungu lapamwamba litapalidwa. Wosasiyanitsa mitundu iwiriyi amatsuka chosatsukika, kapena amapala chimene chikadachoka ndi kansalu konyowa.

Pa matabwa, banga lofala ndi lachikasu kapena lofiirira lozungulira malembo. Limabwera chifukwa utsi ndi utomoni wa mtengo zimaterera pa thabwa pamene makina akulemba. Thabwa la paini, pokhala loyera ndi lautomoni wambiri, limathimbirira msanga, pamene pa mlombwa ndi mbawa bangalo limabisika ndi mtundu wa mtengowo. Ngati thabwa linapakidwa kale vanishi, kansalu konyowa pang'ono ndi viniga woyera kamachotsa utsiwo. Ngati ndi thabwa losapaka kanthu, njira yabwino ndi kulipala mopepuka ndi sandipepala wosalala, motsata mizere ya mtengo osati moidula, kenaka nkusesa fumbi ndi burashi yofewa kuti lisadzaze m'malembo. Madzi ambiri ndi oipa, pakuti amatupitsa thabwa ndi kulowetsa mwaye m'kati. Mmisiri wanzeru amamata tepi ya pepala pa thabwa asanalembe, kotero kuti utsi umagwera pa tepi, ndipo akaimatula thabwa limatsala loyera.

Chitsulo chili ndi nkhani ina yofunika kuimvetsa bwino. Wowotcherera aliyense pa boma la Mwanza amaidziwa mitundu ya utawaleza imene imaoneka pambali pa mfundo yowotcherera. Chitsulo chikatentha, mpweya umamanga kakhungu kopyapyala pamwamba pake, ndipo mtundu wake umasintha malinga ndi kuchindikala kwa kakhunguko, monga momwe dontho la oyilo limaonekera pa chithaphwi. Pa chitsulo wamba, chikasu chimayamba pa madigiri oyandikira 220, ndipo mtundu wobiriwira ngati thambo umafika pa madigiri oyandikira 300. Laser nayo imasiya mitundu yomweyo ikatenthetsa chitsulo mopyola muyezo.

Pa chitsulo chosachita dzimbiri, chija cha masupuni, masinki ndi zida za kuchipatala, banga lotere silingoipitsa maonekedwe okha. Chitsulochi, chimene Harry Brearley anapanga ku Sheffield mu 1913, chimatetezedwa ndi chromium, amene amakhala magawo oposa 10 pa 100 alionse. Kutentha kumakokera chromium m'kakhungu kamabangako, ndipo pansi pake pamatsala pofooka. Ndicho chifukwa chake dzimbiri limayambira pamalembo pomwepo. Banga lochepa limachoka ndi polishi wa zitsulo pa nsalu yofewa, kupukuta motsata mizere ya chitsulocho. Pali zinthu ziwiri zoyenera kupewa. Choyamba ndi waya wotsukira mapoto, kapena burashi yawaya imene inagwirapo chitsulo wamba, pakuti zimasiya tizidutswa tachitsulo timene timachita dzimbiri pakangogwa mvula. Chachiwiri ndi mankhwala oyeretsera zovala monga Jik, chifukwa chlorine wake amaboola timaenje pa chitsulochi. M'mafakitale amachotsa mabanga aakulu ndi phala la asidi woopsa kwambiri, wotha kulowa pakhungu mpaka kufupa. Ameneyu si wogwira ndi manja pansi pa mtengo wa mango, ndipo munthu wosaphunzira za iye asamuyandikire.

Apa boma la Mwanza lili ndi mwayi wake. Dera limeneli ndi lotchuka ndi manachesi ndi mandimu, amene amadzaza m'mbali mwa msewu nyengo yachisanu. Asidi wa m'mandimu ndi yemweyo amene mafakitale ena amaviikamo chitsulo chosachita dzimbiri kuti achotse tizidutswa tachitsulo wamba ndi kubwezeretsa chitetezo chake. Pa mkuwa, madzi a ndimu osakaniza ndi mchere pang'ono amachotsa kuda kozungulira malembo a pa chikwangwani kapena pa chikho. Chofunika ndi kutsukuluza bwino ndi madzi oyera ndi kuumitsa nthawi yomweyo, pakuti asidi ndi mchere zikatsalira zimabala banga latsopano loposa loyamba.

Aluminiyamu wopakidwa mtundu m'fakitale safuna zonsezi. Laser imachotsa mtunduwo nisiya malembo oyera, ndipo fumbi lotsala limachoka ndi sopo ndi madzi. Soda wopangira sopo amadya aluminiyamu, ndipo phulusa kapena mchenga zimakanda mtundu wake kotero kuti subwereranso.

Pa mapulasitiki ndi pamene ambiri amalira. Pulasitiki yoonekera ngati galasi, yotchedwa acrylic, imafuna sopo, madzi ofunda ndi nsalu yofewa basi. Sipiriti ndi thina zimaing'amba timing'alu tambirimbiri m'mphepete momwe laser yadutsa, ndipo ming'aluyo ilibe mankhwala. Pulasitiki yoyera ikapsa nisanduka yachikasu, mtunduwo walowa m'kati ndipo sutsukika. Koma chenjezo lalikulu ndi la PVC, ija ya mapaipi a madzi ndi zikopa zabodza. Ikatenthedwa imatulutsa mpweya wa asidi wovulaza mapapo ndi maso, umenenso umadya makina. Choncho mmisiri asaike m'makina pulasitiki imene sakuidziwa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Chikopa chenicheni chimatsala ndi mwaye ndi fungo la kupsa. Chiyenera kusesedwa kaye ndi burashi youma, kenaka kupukutidwa ndi kansalu konyowa pang'ono, kuumitsidwa pamthunzi, ndipo pomaliza kupakidwa mafuta a zikopa. Kuyamba ndi madzi kumafalitsa mwaye pa chikopa chonse. Pa galasi, laser imasiya tizidutswa takuthwa tosaoneka bwino. Tichotsedwe ndi burashi m'madzi, osati ndi chala.

Miyala ya ziliza ndi yofunika ulemu wapadera, pakuti banja limasonkha ndalama kwa miyezi yambiri kuti liike dzina ndi chithunzi cha malemu pa mwala. Mwala wakuda wa granite ukalembedwa umatsala ndi fumbi loyera, ndipo madzi ndi sopo wochepa zimakwanira. Koma mwala wa marble suyanjana ndi asidi aliyense. Ndimu yemwe uja woyeretsa mkuwa amasungunula nkhope ya marble nisiya chigamba chosawala. Kulakwitsa kotere, tsiku lovundukula chiliza litayandikira, kumataya ndalama za abale ndi mbiri ya mmisiri pamodzi.

Pali malire amene omvera onse ayenera kuwasunga. Kuchotsa banga lozungulira malembo ndi ntchito yaukhondo, koma kufufuta malembo enieniwo ndi nkhani ina. Nambala ya chasisi ya galimoto, ya injini ndi ya njinga yamoto ndiyo imene akuluakulu a Malawi Revenue Authority ndi apolisi amayerekeza ndi mapepala pachipata monga cha Mwanza. Munthu wopala pamalo amenewa ndi sandipepala, ngakhale cholinga chake chikhale kuchotsa dzimbiri chabe, angathe kufafaniza nambala, ndipo katundu wake yemwe angamusandutse woganiziridwa umbava. Pamalo otere pafunika burashi yofewa ndi oyilo pang'ono, osati chopalira.

Tsono malangizo onsewa akumangika pa mfundo zitatu. Mmisiri adziwe chinthu chimene wagwira asanasankhe chotsukira. Ayese kaye pa kachidutswa kotsala kapena pamalo obisika. Ayambe ndi njira yofatsa, ndiyo burashi, sopo ndi madzi, asanafike pa sandipepala ndi asidi. Woyendetsa makina naye akumbukire kuti banga lambiri limachokera ku moto wochuluka ndi liwiro lochepa. Akachepetsa mphamvu, nalemba mobwereza kawiri, ndi kulola mpweya kuuluza utsi, ntchito yotsuka imachepa yokha. Kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo mmisiri wodekha ndiye amene anthu amabwererako ndi ntchito ina.