Sukulu ya Zaluso ya ku Makerere

M'chaka cha 1937 Mayi Margaret Trowell, mkazi wa dokotala wa pa chipatala cha Mulago, adayamba kuphunzitsa anyamata owerengeka kujambula pakhonde la nyumba yawo mu Kampala. Pakhonde pomwepo ndipo padachokera sukulu ya zaluso ya koleji ya Makerere, m'dziko la Uganda.

Wophunzira wa kumeneko sadali wa utoto wokha ayi. Ankaumbanso dongo ndi kusema mtengo, ndipo ntchito ziwirizi nzosiyana ndithu: dongo limalola munthu kuonjezera ndi kuchotsa monga afunira, koma mtengo ukasemedwa molakwa subwereranso. Sam Ntiro wa ku Tanganyika adakonda utoto, najambula anthu a kwawo ku Kilimanjaro ali pa ntchito m'minda. Gregory Maloba wa ku Kenya adatsata zosema ndi zoumba, ndipo chipilala cha ufulu wa Uganda cha 1962, chosonyeza mayi atanyamula mwana m'mwamba, nchochokera m'manja mwake.

Koma padali nkhani yovuta. Mayi Trowell sadafune kuonetsa ophunzira zithunzi zambiri za ku Ulaya, poopa kuti angamangotsanzira. Atapuma ntchito mu 1958, Cecil Todd, amene adalowa m'malo mwawo, adalimbikitsa kuphunzira kaumbidwe ka thupi la munthu, malamulo a mitundu ya utoto ndi mbiri ya zaluso za maiko ena. Ena adati mayiwo ankamana ophunzira nzeru zowayenera. Enanso adati Todd ankawachotsa pa zakwawo. Ntiro ndi Maloba, ophunzira a mayiwo, onse awiri adapitabe ku England kukaonjezera maphunziro.