Nyumba ya Malamulo ya ku Ulaya ndi Anthu Otsala Pakhomo

Lero tiyeni tiyang'ane ku mzinda wa Strasbourg m'dziko la France. Kumeneko kumasonkhana Nyumba ya Malamulo imene siili ya dziko limodzi, koma ya maiko 27 a m'chigwirizano cha European Union. Aphungu ake alipo 720, ndipo amasankhidwa ndi anthu wamba pa zaka zisanu zilizonse.

Chigwirizanochi chinayamba anthu atatopa ndi nkhondo. Pa 9 May 1950, Robert Schuman, nduna ya France yoona za maiko akunja, amene analinso Mkatolika wolimbika, anapempha kuti France ndi Germany aike malasha ndi chitsulo chao pansi pa ulamuliro umodzi, pakuti popanda ziwirizi zida za nkhondo sizingasulidwe. Kwa zaka zambiri aphungu ankangotumidwa ndi nyumba za malamulo za kwao, monga zichitikira ku Pan-African Parliament ya ku Midrand, kumene dziko lathu limatumiza aphungu asanu amene ife sitiwasankhira ntchito imeneyo. Mu June 1979 ndi pamene eni ake anaponya voti koyamba, m'maiko 9, ndipo aphungu anasankha mai Simone Veil, Myuda wopulumuka ku ndende ya Auschwitz, kuti awatsogolere.

Chaka chimenecho anavota anthu 62 mwa anthu 100 alionse. Chiwerengerochi chinatsika pa chisankho chilichonse chotsatira, kufikira mu 2014 pamene anavota osakwana 43. Ku Slovakia anali 13 okha. Chodabwitsa nchakuti pa zaka zomwezo mphamvu za Nyumbayi zinkakula. Mu 1999 akuluakulu onse a European Commission anatula pansi maudindo ao aphungu atawapanikiza pa nkhani ya kasamalidwe ka chuma. Kuyambira mu 2009, pangano la ku Lisbon litayamba kugwira ntchito, malamulo ambiri, ndondomeko ya chuma ndiponso mapangano a malonda ndi maiko ena sizingadutse aphunguwa asanavomere. Ngakhale alimi athu a tiyi ndi nzimbe zimawakhudza zimenezi.

Nanga bwanji anthu akutsala pakhomo? Ambiri amati Strasbourg ili kutali, ndipo phungu wao sakumdziwa ndi dzina lomwe. Ena amapita kukavota, koma cholinga chao ndi kulanga boma la kwao, osaganizako za Ulaya. Ife tikuona kuti kutalika kumeneku sikungawalungamitse, pakuti lamulo lopangidwa kutali limafikabe pakhomo, pa chakudya ndi pa ntchito ya munthu, kaya anavota kaya sanavote. Nchifukwa chake Katekisimu wa Eklezia Katolika, pa ndime 2240, amaika kuvota pamodzi ndi kukhoma msonkho ngati udindo wa chikumbumtima. Ku Belgium lamulo limakakamiza kuvota, ndipo amapita pafupifupi 90 mwa 100, ngakhale tingafunse ngati mantha a chindapusa angalowe m'malo mwa chikumbumtima.

Mu 2019 chiwerengero chinakwera kufika pafupifupi 51, makamaka chifukwa cha achinyamata, ndipo mu 2024 chinaima pomwepo. A ku Britain anali atatuluka kale mu 2020. Pa zisankho zonse za Nyumbayi, kuyambira mu 1979, kwaoko sanafikepo pa 40 mwa 100. Koma pa tsiku lofunsidwa ngati achoke m'chigwirizano, mu June 2016, anavota 72.