Goli Liti Tisenze? Mkhristu ndi Nkhani ya Yoga

Lero tikulankhula makamaka ndi inu a kwathu amene mukukhala ku Primrose, m'dera la Germiston, ku Ekurhuleni m'dziko la South Africa. Ambiri munachoka ku Mangochi, ku Chipata kapena ku Tete kudzafuna ntchito ku Joni, monga anachitira agogo athu m'masiku a Wenela. Ena muli m'mafakitale a ku Wadeville, ena m'nyumba za mabwana, ena mumachezera usiku wonse pachipata monga alonda. Msana umawawa, tulo timasowa, ndipo nkhawa ya lendi ndi fizi ya ana kumudzi siichoka. Tsono mnzanu kapena namwino akakuuzani kuti muyese yoga, funso limadza mumtima: kodi Mkhristu angachite zimenezi?

Tiyambe ndi kudziwa chimene tikukamba, pakuti kuweruza chinthu usanachimve ndi kupusa. Mawu akuti yoga achokera ku Sanskrit, chinenero chakale cha ku India, ndipo muzu wake umatanthauza kumanga pamodzi, monga mlimi amangira ng'ombe pa goli. Buku lake lalikulu, Yoga Sutra, limene amati analemba ndi Patanjali zaka zoposa 1,500 zapitazo, lili ndi makwerero asanu ndi atatu. Awiri oyamba ndi a khalidwe: kusapweteka chamoyo, kunena zoona, kusaba, kudziletsa, kusasirira chuma, kudzisunga woyera ndi zina zotero. Kenaka pali kakhalidwe ka thupi, kotchedwa asana, ndi kulamulira mpweya, kotchedwa pranayama. Anayi otsiriza amalowetsa munthu m'kati mwa iye mwini kufikira maganizo onse atati zii.

Yoga imene mukuiona m'nyumba zolimbitsira thupi lero inayenda ulendo wautali. Swami Vivekananda analankhula ku Chicago m'chaka cha 1893, ndipo azungu ambiri anayamba kuchita chidwi ndi nzeru za ku India. M'zaka za m'ma 1930, Krishnamacharya ankaphunzitsa ku Mysore yoga yotsindika kupinda ndi kutambasula thupi, ndipo wophunzira wake B.K.S. Iyengar anaifalitsa kunja kwa India. Ku South Africa chipembedzo cha Chihindu chinafika ndi amwenye amene anatsika ku Durban m'chaka cha 1860 kudzalima nzimbe. Ndipo m'chaka cha 2014 bungwe la United Nations linapatula tsiku la 21 Juni kukhala lokumbukira yoga.

Nanga thupi limapindula? Tinene zoona, limapindula ndithu. Kutambasula minofu kumafewetsa mfundo zouma, kumalimbitsa msana, ndipo kumathandiza okalamba kuima bwino osadzandira. Kupuma pang'onopang'ono kumatsitsa kugunda kwa mtima ndi kukhazika thupi pansi. M'chaka cha 2017 bungwe la madokotala la American College of Physicians linaika yoga pakati pa njira zoyamba kuyesa pa msana wopweteka nthawi yaitali, munthu asanathamangire mankhwala. Bungwe la World Health Organization limalangiza munthu wamkulu kulimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata. Koma chenjerani. Wodwala matenda othamanga magazi, kapena nthenda ya maso yotchedwa glaucoma, asaime chadodolido. Mayi woyembekezera ayambe wafunsa kuchipatala. Ndipo wina asataye mankhwala a shuga, a BP kapena ma ARV poganiza kuti kupuma bwino kwamuchiritsa.

Zonsezi sizitidabwitsa, popeza anaumba minofu ndi mapapo ndi Mulungu wathu. Pa 1 Akorinto 6:19 Paulo akutiphunzitsa kuti thupi la wokhulupirira ndi nyumba ya Mzimu Woyera, ndipo pa 1 Timoteo 4:8 akuvomereza kuti kulimbitsa thupi kuli ndi phindu lake, ngakhale kupembedza kuliposa. Ngakhale malamulo a khalidwe aja sitiwanyoza. Aroma 2:14-15 akusonyeza kuti Mulungu anaika chikumbumtima mwa anthu a mitundu yonse.

Komabe pali mphambano pamene njira zimasiyana. Nzeru ya yoga imaphunzitsa kuti munthu amabadwa kambirimbiri monga mwa ntchito zake, ndipo amadzimasula yekha mwa kudzilanga ndi kusinkhasinkha. Aphunzitsi ena amanenanso kuti mzimu wa munthu ndi Mulungu ndi chinthu chimodzi. Malembo sakutero. Ahebri 9:27 akuti imfa ndi imodzi, chiweruzo nkutsata. Aefeso 2:8-9 akuti chipulumutso ndi mphatso, si malipiro a thukuta lathu. Ife ndife zolengedwa, Iye ndiye Mlengi. Vuto lathu lalikulu ndi tchimo, ndipo tchimo silichoka ndi kupuma mokoka. Thupi nalonso si ndende yoti tiithawe, pakuti tikuyembekeza kuuka kwake. Ndipo kusinkhasinkha kwa pa Salmo 1 ndi kudzaza mtima ndi Mawu a Mulungu usana ndi usiku.

Tsono tichite chiyani? Akhristu a ku Korinto anali ndi funso lofanana, la nyama yoperekedwa kwa mafano. Pa 1 Akorinto 8 ndi 10 Paulo anawalola kudya yogulidwa pamsika, koma anawaletsa kukhala nawo pa phwando lopembedza fano. Ifenso tisiyanitse chomwecho. Mukalowa m'kalasi, funsani mwaulemu chimene mawu oimbidwawo akutanthauza. Ngati ndi kutambasula msana ndi kupuma bwino, kulibe tchimo m'menemo. Koma ngati akuti muimbe mayina a milungu, kapena muweramire dzuwa monga pemphero, imani pambali. Chikumbumtima chikakutsutsani, lekani, ndipo yendani ndawala, sewerani mpira, kapena pemphani kuchipatala akuphunzitseni zolimbitsa msana. Amene mwamasuka musapeputse mbale wokana, ndipo wokanayo asaweruze mnzake, monga Aroma 14 akutilangizira. Mnansi wanu Mhindu ndi munthu wolengedwa m'chifanizo cha Mulungu. Mulemekezeni, mumve, ndipo mumuuze za chiyembekezo chanu mofatsa.

Tinanena kuti yoga ndi mawu a goli. Ambuye Yesu nayenso analankhula za goli pa Mateyu 11:28-30, poitana otopa ndi olemedwa. Kusiyana kwake nkwakuti mpumulo wake sitiukwerera pa makwerero. Iye anatsikira kwa ife, nasenza katundu wa machimo athu pa mtanda. Samalani thupi, mbale, pakuti ana anu kumudzi akudalira mphamvu zanu. Koma mtima wanu muupereke kwa Iye yekha.

Tiyeni tipemphere. Atate, tipatseni nzeru yosiyanitsa, thanzi la m'thupi, ndi chikondi pa anansi athu m'dziko lachilendo. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.