Tisankhe Ndani m'Komiti ya Sukulu?

Tikuthokoza potipatsa mpata wolankhula pa tsiku lino lokumbukira kubadwa kwa bungwe lathu. Nkhani imene tatenga ndi ya anthu amene timawasankha pansi pa mtengo, kawirikawiri mothamanga chifukwa dzuwa latiwawa, kenaka ndi kuwaiwala. Tikunena mamembala a komiti ya sukulu. Kodi anthu amenewa ndani, nanga amatigwirira ntchito yanji?

Tiyambe tabwerera m'mbuyo pang'ono. Sukulu zoyamba m'chigwa chino zidabwera ndi a mishoni, monga aja adakhazikika ku Lulwe ndi ku Chididi pamene boma la Nsanje linkatchedwa Port Herald. Koma odula mitengo, omweta udzu ndi omata zipupa adali makolo athu. M'nthawi ya Dr. Banda tidazolowera ntchito zodzithandiza tokha ndiponso Sabata ya Achinyamata, ndipo midadada yambiri idamangidwa ndi njerwa zoumba ife tomwe. Tsono m'chaka cha 1994 boma lidathetsa fizi ku pulayimale. Ana a sukulu m'dziko muno, amene adali pafupifupi 1.9 miliyoni, adafika pa 3 miliyoni m'chaka chimodzi chokha. Tidaomba m'manja, koma paja walira mvula walira matope. Ana adadzaza pansi pa mitengo ya nimu, ndipo makolo ena adapinda manja nati sukulu tsopano ndi ya boma.

Pofuna kukonza zimenezi, m'chaka cha 2004 Unduna wa Zamaphunziro udatulutsa ndondomeko yoti anthu a m'midzi azitenga mbali poyendetsa sukulu zawo. Lero pa sukulu zambiri pali magulu atatu: komiti yoyendetsa sukulu, bungwe la makolo ndi aphunzitsi, ndi gulu la amayi loyang'anira ana, makamaka atsikana. Onsewa salandira malipiro.

Tikayang'ana amene akhala m'magulu amenewa kuno kwathu, tipeza kuti ndi anthu ngati ife tomwe. Pali mlimi wa thonje amene amadziwa kudikira mtengo wabwino. Pali msodzi wa ku dambo la Elephant Marsh amene amawazindikira madzi asanafike pakhomo. Pali bambo amene adadula nzimbe ku Nchalo zaka zambiri, kotero amadziwa kuti ntchito imayamba nthawi yake. Pali mphunzitsi wopuma, woweta ng'ombe wa ku Ngabu, mkulu wa mpingo, ndiponso mayi wogulitsa nsomba amene saphonya tambala powerengera. Ambiri sadafike patali ndi sukulu. Ena adalekeza chifukwa makolo awo adasowa fizi, ndipo chilonda chimenecho ndicho chimawatumiza kukagwirira ntchito ana a anzawo.

Ntchito yawo yoyamba ndi imene tonse timaiona. Amamema midzi kudzera mwa mafumu kuti iumbe njerwa, itute mchenga ndi kutunga madzi. Amayang'anira zimbudzi ndi mjigo. Amalimbikira nyumba za aphunzitsi, pakuti mphunzitsi wochokera kumtunda akafika m'chigwa chotentha chino napeza kuti alibe pogona, sachedwa kupempha kuti asamutsidwe. Amayi amalawirira m'bandakucha kukaphika phala, ndipo tonse tikudziwa kuti m'miyezi ya njala phala limenelo ndilo limakoka mwana kupita ku sukulu.

Ntchito yachiwiri ndi ya ndalama. Boma limatumiza ndalama zotukulira sukulu ku akaunti ya sukuluyo. Komiti iyenera kukhala pansi ndi makolo, mafumu ndi aphunzitsi kugwirizana zoyenera kugula, ndipo pambuyo pake iyenera kuwerenga poyera m'mene ndalamazo zayendera. Komiti imene ingosayina mapepala osawawerenga yataya udindo wake. Mphunzitsi wamkulu si mdani wa komiti ayi, koma ngakhale iyeyo amagona tulo tabwino pamene mabuku a ndalama aonedwa ndi maso ambiri.

Ntchito yachitatu tidapatsidwa ndi madzi. Sitidzaiwala Januwale wa 2015 pamene Shire ndi Ruo adasefukira, anthu a ku Makhanga nasowa kotulukira. Adatsatira namondwe Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023. Nthawi zonsezo sukulu zambiri zidasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Pa nthawi yotere komiti yogalamuka imakweza mabuku pamwamba, imaletsa kuti madesiki asanduke nkhuni, imasamala kuti zimbudzi zisadzaze ndi kubweretsa kolera, ndipo imakambirana ndi mafumu ndi a boma za malo ena a msasa kuti ana abwerere m'kalasi. Kupempha mbale wako amene nyumba yake yagwa kuti atuluke m'kalasi ndi chinthu chowawa. Angathe kutero ndi munthu yekhayo amene anthu amamukhulupirira, chifukwa naye adavutika nawo pamodzi.

Ntchito yachinayi ndi ya mwana wamkazi. Kuyambira m'chaka cha 1993 malamulo a sukulu amalola mtsikana amene wabereka kubwereranso m'kalasi. Lamulo la maphunziro la 2013 lidati mwana aliyense ayenera kuphunzira pulayimale. Lamulo la maukwati la 2015 lidaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu 2017 aphungu adasintha malamulo aakulu a dziko kuti agwirizane nalo. Malamulo alipo, koma lamulo lilibe miyendo. Amene amayenda ndi mayi wa gulu la amayi. Iyeyo ndiye amakagogoda pakhomo pamene mtsikana wajomba sabata ziwiri, nakambirana ndi makolo amene madzi adawatengera zonse ndipo ayamba kuyang'ana ng'ombe za malowolo. Iyeyo ndiye amakauza mtsikana wa mwana kumsana kuti malo ake m'kalasi akadalipo.

Tsono tiulule kulakwa kwathu. Pa sukulu ina ya kwathu tidasankha bambo wina kukhala wapampando chifukwa ankalankhula Chingerezi ndiponso ankavala jekete. Ife amayi tidakhala kumbuyo chete, ndipo pamene adatitchula maina tidakana, ati tilibe sukulu. Midzi idaumba njerwa m'chilimwe, koma wapampando sadaitanitse msonkhano wokonza zowotcha. Mvula yoyamba itagwa, thukuta lathu lonse lidabwerera kudothi. Tidadandaula m'njira ya ku mjigo, koma mlandu udali wathu. Pa chisankho chotsatira tidaimika mayi amene adalekeza Sitandade 5, amene adasunga thumba la bungwe lathu zaka zingapo popanda dandaulo. Iye sankachita manyazi kufunsa kuti amuwerengere pepala kawiri asanasayine. Mdadada uja udamangidwa.

Chifukwa chake pamene belu la chisankho lilira, tisayang'ane chovala, chuma kapena chibale ndi mfumu. Tifunse za ntchito zimene munthu wagwira kale pakati pathu. Kodi pa maliro amafika? Kodi adasungako ndalama za gulu nazibweza zonse? Kodi ana ake ndi adzukulu ake amapita ku sukulu? Kodi angathe kutsutsa mkulu mwaulemu koma osaopa? Kodi madzi atabwera adathandiza ndani? Kudziwa kuwerenga ndi kulemba n'kofunika, makamaka kwa mlembi ndi msungichuma, koma kukhulupirika sakulemba pa setifiketi.

Ndipo kwa inu amayi anzathu tikuti, akakutchulani dzina musabisale kumbuyo kwa mnzanu. M'bungwe muno taphunzira kuyendetsa msonkhano, kulemba maminitsi, kusunga thumba, kuyendera odwala ndi kuyanjanitsa mabanja. Zimenezi ndizo komiti ya sukulu ikusowa. Abambo athu tikuwapempha kuti atilole ndi kutilimbikitsa, pakuti misonkhano imeneyi ndi ya ana awo omwe. Amene simudasankhidwe, musaleke kufika pa msonkhano wa makolo, ndipo mukafika funsani mafunso. Muziwathokozanso amene akutumikira, chifukwa amasiya minda yawo nagwira ntchito imene zitonzo zake zimachuluka kuposa mayamiko.

Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tikabwerera kwathu, aliyense akafunse maina a amene ali m'komiti ya sukulu ya kwawo ndi tsiku la msonkhano wotsatira, ndipo pa tsikulo akapezeke atakhala kutsogolo.