Kulondola Tsinde: M'mene Banja Lingapezere Gwero la Kholo Lake m'Zolembedwa Zakale



Mafumu akabwera kudzalamba, amafotokoza za dziko ndi anthu amene adapatsidwa kuti awasunge. Mfumu iliyonse imadziwa amene adakhala pampando iyo isanalowe, ndipo ikhoza kuwatchula mmodzimmodzi kufikira kwa amene adayamba dzinalo. Koma pakati pa khamu limene limadza kudzaona mwambowu pali anthu ambiri, ophunzira ndi osaphunzira omwe, amene sangathe kutchula dzina la mayi wobala agogo awo aakazi, kapena mudzi umene mayiyo adagona. Ena adabadwira ku Lilongwe ndi ku Kitwe, ena ku Harare ndi ku Johannesburg. Amadziwa kuti ndi Aphiri, Abanda, Amwale kapena Ambewe, koma mfunda wokha sufikitsa munthu pakhomo, popeza Aphiri ali ponseponse, kuchokera ku Kasungu mpaka ku Tete. Akale adafunsa kuti, mtengo wopanda tsinde mudauona kuti? Nkhani ino ikufotokoza m'mene banja lingalondolere tsinde lake pogwiritsa ntchito mapepala akale pamodzi ndi zimene akulu akukumbukira.

Kusadziwa kwanu kuli ndi mtengo wake wowawa. Milandu yambiri ya ufumu imene imafika kwa mafumu aakulu ndi ku makhoti imagona pa funso limodzi: kodi uyu ndi wa bele liti, lalikulu kapena laling'ono? Ku Malawi, lamulo la malo a makolo la 2016 lidatsegula njira yoti mabanja azilembetsa minda yawo, ndipo amene sangathe kufotokoza m'mene munda udafikira m'manja mwa mbumba yake amalankhula mopanda mphamvu pabwalo. Ku Zimbabwe, lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, ana ndi adzukulu ambiri a anthu ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique adayamba kuwerengedwa ngati alendo m'dziko limene adabadwiramo. Malamulo aakulu a dzikolo a 2013 adawabwezera unzika, komabe wopita ku ofesi amafunsidwa pepala losonyeza kumene kholo lake lidabadwira. Ngakhale pa maliro, funso loyamba la akulu ndi lakuti womwalirayo kwawo n'kuti.

Wofufuza wanzeru amayambira m'nyumba, asanaganize za ulendo wa ku Zomba kapena ku Lusaka. Mwa Achewa mbiri ya banja imasungidwa ndi azimayi achikulire ndi mwini mbumba, ndiye kuti malume kapena mtsibweni. Iwowa ayenera kufunsidwa mwaulemu, pa nthawi yawo, ndipo aliyense payekha, chifukwa akakhala pamodzi wamng'ono amangovomera zimene wamkulu wanena. Mafunso ofunika ndi awa: dzina la paubwana la khololo, dzina limene lidapatsidwa ku chinamwali kapena ku mpingo, mfunda wa mayi ake ndi wa bambo ake, mudzi ndi mfumu yake, mtsinje umene ankatungako madzi, phiri limene linkaoneka ali pakhomo, ndi manda amene abale ake adaikidwa. Midzi imasamuka ndi kugawikana, koma mtsinje ndi phiri zimakhala pomwepo. Zonse zimene zanenedwa zilembedwe tsiku lomwelo, pamodzi ndi dzina la amene wanena, ngakhale zitatsutsana ndi za mnzake.

Kenaka atsegule sutikesi yakale ija imene imakhala pansi pa bedi. M'menemo mumapezeka Baibulo lolembedwa mayina a ana patsamba loyamba, khadi la ubatizo kapena la mgonero, malisiti a msonkho, chitupa, makalata ochokera ku Halale kapena ku Joni, ndi zithunzi zolembedwa kumbuyo. Pepala looneka lachabe likhoza kumasula mfundo imene yavuta banja kwa zaka zambiri. Chitupa cha munthu amene adapita kukagwira ntchito ku Southern Rhodesia chinkatchula dzina lake, boma lake ndi mfumu yake. Mdzukulu wobadwira ku Mbare amene ali ndi chitupa chotere ali kale ndi njira ya kwawo m'manja, malinga akadziwa kuwerenga mayina a malo monga ankalembedwera kale. Fort Jameson ndiye Chipata, Fort Manning ndiye Mchinji, Kota Kota ndiye Nkhotakota, Vila Coutinho ndiye Ulongwe, Broken Hill ndiye Kabwe, ndipo Salisbury ndiye Harare. Dera la Lilongwe, Dowa ndi Dedza poyamba atsamunda ankalitcha Central Angoniland, motero Mchewa weniweni akhoza kupezeka atalembedwa ngati Mngoni chifukwa cha dzina la boma lake lokha.

Malo achiwiri ndi ku mishoni. Kwa zaka zambiri boma la atsamunda silinkakakamiza anthu akuda kulembetsa ana obadwa, ndipo ku Malawi kalembera wa zitupa za unzika wa dziko lonse adachitika mu 2017. N'chifukwa chake mabuku a mipingo ndiwo akale kwambiri pa mabuku onse otchula anthu wamba ndi mayina awo. A mpingo wa Dutch Reformed adayamba ntchito pa Mvera mu 1889, pa Nkhoma mu 1896, ndi pa Magwero kuno ku Zambia mu 1899. Ansembe Achikatolika a White Fathers adakhazikika pa Mua mu 1902 ndi pa Kachebere mu 1903. M'makaundula awo a ubatizo ndi a maukwati mumapezeka dzina la munthu, mudzi wake, makolo ake, ndipo nthawi zina mboni kapena ankhoswe. Mayina a ankhoswe ndi amtengo wapatali, popeza nkhoswe ya mkazi kawirikawiri imakhala mlongo wake kapena malume ake, ndipo dzina limenelo limaloza ku mbumba.

Mabuku amenewa amafuna kuwawerenga mosamala. Makaundula akale Achikatolika adalembedwa m'Chilatini, choncho Petulo amapezeka ali Petrus ndipo Yohane ali Joannes. Akhristu oyamba ankabatizidwa ali akuluakulu, atatha zaka m'kalasi, motero tsiku la ubatizo lili kutali ndi tsiku lobadwa. Komanso makolo ambiri sadabatizidwe konse. Pa nthawi imene mishoni ndi gule wamkulu zinkalimbana, anthu ochuluka adasankha kukhala ku mwambo wa makolo awo, ndipo dzina lawo silidalowe m'buku lililonse la mpingo. Kusapezeka kwa dzina m'kaundula wa pa mishoni sikusonyeza kuti munthuyo sadakhale m'mudzimo. Zikatero wofufuza ayang'ane mayina a ana kapena adzukulu ake amene adabatizidwa pambuyo pake, chifukwa m'mizere yawo khololo limatchulidwa ngati bambo kapena mayi.

Malo achitatu ndi nyumba zosungiramo zolembedwa za boma. Ya ku Malawi ili ku Zomba ndipo idayamba mu 1947, ya ku Zambia ili ku Lusaka, ya ku Mozambique ili ku Maputo, ndipo ya ku Zimbabwe ili ku Harare. Wopita ku Zomba adziwe kuti moto udatentha maofesi a boma kumeneko mu 1919, ndipo mapepala ambiri a zaka zoyambirira adapsa. Chimene chimathandiza kwambiri mabanja ndi mabuku amene abwanamkubwa a m'maboma ankalembamo za madera awo, otchedwa District Notebooks. M'menemo muli mayina a mafumu ndi a nyakwawa, mizere ya olowa ufumu monga adaifotokozera akulu a nthawi imeneyo, kusamuka kwa midzi, ndi milandu ya malire. Dzina la munthu wamba silipezeka kawirikawiri, koma mudzi wake umapezeka, ndipo bukulo likhoza kunena kumene mudziwo udachokera ndi chaka chimene udagawikana. Kwa amene makolo awo adapita ku migodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela, bungwe limene pambuyo pake lidatchedwa TEBA, kudali makaundula a olembedwa ntchito otchula kwawo kwa munthu. Ulendo umenewu udaimitsidwa ndi boma la Malawi mu 1974, ndege yonyamula anthu a ku migodi itagwa ku Francistown.

Pali misampha itatu imene yagwetsa ofufuza ambiri. Woyamba ndi wa dzina la bambo. Alembi a boma ndi a mishoni adabwera ndi mwambo wa kwawo wowerengera banja kuchimuna, pamene Achewa amawerengera mbumba kuchikazi. Lero anthu ambiri amadziwika ndi mfunda wa bambo awo, koma munda, manda ndi ufumu zili kwa amayi. Dr Hastings Kamuzu Banda ankadziwika ndi mfunda wa Banda, pamene mayi awo adali a kwa Phiri. Amene angotsata dzina lolembedwa papepala adzafika kwa abambo okhaokha, ndipo m'mudzi wa chikamwini bamboyo adali wobwera. Mzere wa Naphiri, Nabanda, Nankhoma kapena Nambewe uyenera kulondoledwa pawokha, mayi ndi mayi wake.

Msampha wachiwiri ndi wa kulowa dzina. Mfumu ikamwalira, mphwake amalowa dzina lake, ndipo amalowanso ubale wake, kotero kuti amatchula abale a malemuyo monga momwe mwini wake ankawatchulira. Dzina limodzi lopezeka m'buku la 1905 ndi m'buku la 1950 likhoza kukhala la anthu awiri kapena atatu. Wofufuza afunse nthawi zonse dzina limene munthuyo adali nalo asanalowe ufumu. Kumbali ina, munthu mmodzi akhoza kukhala ndi mayina anayi: la paubwana, la ku chinamwali, la ubatizo, ndi lina limene adadzipatsa kapena kupatsidwa ku ntchito. Kalembedwe kakenso kankasintha malinga ndi khutu la mlembi, Mngelezi kapena Mpwitikizi.

Msampha wachitatu ndi wa zaka. Chaka chobadwa chimene chili pa chitupa chakale nthawi zambiri chidali chongoyerekeza cha mlembi atamuyang'ana munthu kumaso. Ngakhale za Dr Banda, boma linkati adabadwa mu 1906, pamene ofufuza mbiri ambiri amati kudali cha m'ma 1898. Akale ankawerengera zaka ndi zochitika, ndipo njira imeneyo ndi yodalirika ikagwirizanitsidwa ndi mbiri yolembedwa. Amene adabadwa Azungu akumenyana ndi Angoni a Mpezeni adabadwa mu 1898. Amene ankayamwa pa nkhondo ya Chilembwe ndi wa 1915. Amene bambo ake adatengedwa kukasenza katundu wa asilikali pa mtengatenga ndi wa pakati pa 1914 ndi 1918. Amene adatha msinkhu pa njala yaikulu ija ya ku Nyasaland adatha msinkhu mu 1949.

Wolondola tsinde akonzekere kupeza zimene sadaziyembekeze. Zaka za m'ma 1800 zidali za nkhondo ndi malonda a akapolo. Anthu adagwidwa, ena adaperekedwa ngati chikole pa milandu ndi pa njala, ena adathawira m'malinga a mafumu amene sadali a mtundu wawo. Malire a 1891 pakati pa Angelezi ndi Apwitikizi adadula dziko la Undi, ndipo pambuyo pake mabanja ambiri adawoloka pothawa msonkho ndi ntchito yokakamiza. Motero banja likhoza kupeza kuti kholo lake lidafika m'mudzi ngati wogwidwa, kapena kuti lidali Mnsenga, Mchikunda kapena Myao. Akulu ena adabisa zimenezi dala pofuna kuteteza ana awo ku chitonzo. Wozipeza azitengere kaye kwa mwini mbumba, zikambidwe m'nyumba zisanafike pabwalo. Pepala lakale likagwiritsidwa ntchito ponyoza bele lina kapena polanda munda wa amasiye, ntchito yonse yaonongeka. Chibale ndi fupa, sichiola, ndipo amene adaleredwa ndi mudzi kwa mibadwo inayi ndi mwana wa mudziwo.

Mapepala a banja ali ndi polekezera. Kwa mabanja ambiri amafika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo kuseri kwake kuli mbiri ya mafumu ndi ya mafuko. Apwitikizi adalembako zina: Gaspar Bocarro adadutsa m'dziko la Amaravi mu 1616 pa ulendo wake wochokera ku Tete kupita ku Kilwa, ndipo António Gamitto adafotokoza za Amaravi ndi Achewa pa ulendo wa kwa Kazembe wa 1831 ndi 1832. Iwowa adatchula mafumu ndi malo, anthu wamba ayi. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, adasonkhanitsa zonena za akulu m'buku lake la Mbiri ya Achewa. Banja limene lapeza mudzi ndi mfumu ya kholo lake likhoza kulumikiza mzere wake ku mbiri yaikuluyo, ya Mankhamba, ya Msinja ndi ya Mano. Koma pamene umboni wathera, wolemba alembe kuti wathera pamenepo, asadzaze mpatawo ndi mayina ongoganizira, chifukwa adzukulu adzawatenga ngati zoona.

Pempho kwa mbumba iliyonse imene yafika pa mwambo uno ndi lakuti isankhe mwana mmodzi wodziwa kulemba, ampatse kope, ndipo akhale pansi ndi agogo chaka chino mvula isanagwe. Mapepala akale ajambulidwe ndi foni, ndipo zithunzizo zitumizidwe kwa abale a m'mayiko onse, kuti chiswe kapena moto zikawononga pepala, mawu ake atsale. Wofuna kukaona manda a makolo ayambe wapempha kwa mfumu ya mudziwo, monga mwa mwambo. Mafumu nawonso akupemphedwa kulandira bwino ana a matchona akabwera ndi chitupa chakale kudzafunsa za kwawo, ndi kuwaitanira nkhalamba za m'mudzi zimene zingakumbukire mnyamata amene adapita ku Halale osabweranso. Mawu a akulu akoma akagonera, koma amagonera pokhapokha pakhale wina amene adawamva ndi kuwasunga.

Yooo Gawa!