KUDYA KOYENERA NDI KUTSUKA THUPI

Mau okambidwa kwa aphunzitsi a sukulu za m'midzi, posonkhana iwo ku Linda, mu mzinda wa Livingstone

Munthu wocokera kumudzi akafika mu Linda, nayenda kufikira ku msika wa Maramba, amaona zakudya za mitundumitundu: nsomba, kapenta, nyemba, ndiwo zamasamba ndi zipatso. Koma m'matauni a masiku ano mwabukanso malonda ena, ndiwo mabotolo, tiyi ndi timibulu zimene ogulitsa amati zimatsuka magazi ndi kucotsa litsiro m'thupi. Mbiri yace yafika ku midzi pa mafoni, ndipo kholo likakayika limapita kwa mphunzitsi kukafunsa. Cifukwa cace mphunzitsi ayenera kukhala nalo yankho loona, pakuti ndarama za banja ndi moyo wa mwana zingatayike pa yankho lolakwa.

Otsuka ali m'thupi momwemo

Thupi la munthu silifanana ndi mtsuko umene umatsukidwa kamodzi pa mwezi. Liri nazo ziwalo zimene zimagwira nchito yotsuka usana ndi usiku osapuma. Ciwindi cimalandira magazi ocokera ku matumbo, nicisandutsa zoipa kuti zikhale zosabvuta kuturuka. Impso ziwiri zimasefa madzi a m'magazi okwanira malita ngati 180 tsiku liri lonse. Ambiri a madziwo zimawabwezera m'thupi, ndipo otsala, ngati lita limodzi ndi theka, amaturuka monga mkodzo pamodzi ndi zosafunika. Mapapo amataya mpweya woipa, ndipo matumbo amataya zotsala za cakudya.

Palibe umboni wakuti tiyi kapena botolo logula lingathe kugwira nchito imeneyi koposa ziwalozo. Mankhwala ambiri otere amangotsegula m'mimba, ndipo womwa, poona kuti wapita kuthengo kawirikawiri, amayesa kuti litsiro laturuka. Cimene caturuka ndico madzi ndi mcere zimene thupi linali kuzifuna. Mwambo wakale womwetsa ana mafuta a nsatsi kapena kuwabaila mankhwala kumbuyo uli ndi coopsa comweco. Munthu wamkuru angafooke tsiku limodzi nadzuka, koma khanda lingathe kuuma thupi ndi kumwalira. Mwana wotsegula m'mimba afunika kubwezeredwa madzi: masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mcere m'lita limodzi la madzi owiritsa, ndipo atengedwe msanga kunka ku cipatala.

Litsiro lenileni limalowera pakamwa

Adani a thupi amene aphunzitsi ayenera kuwachula pamaso pa ana ali awiri. Woyamba ndiye madzi oipa. Mliri wa kolera umene unayamba ku Lusaka mu October 2023 unapha anthu oposa 700 m'dziko la Zambia, ndipo sukulu zimene zikadatsegulidwa pa 8 January 2024 zinakhala zotseka kufikira pa 12 February. Kuwiritsa madzi akumwa kapena kuthiramo klorini, kusamba m'manja ndi sopo, ndi kubvundikira cakudya kuti nchenche zisaterepo, kumeneko ndiko kutsuka kumene kumapulumutsa.

Mdani waciwiri ndiye cuku cimene cimamera pa cimanga ndi mtedza zosaumitsidwa bwino. Cukuco cimabala ciphe cochedwa aflatoxin. Anthu anayamba kucizindikira m'caka ca 1960, pamene nkhukundembo ngati 100,000 zinafa ku England zitadya cakudya copangidwa ndi mtedza wocokera ku Brazil. M'caka ca 2004 anthu 125 anamwalira ku Kenya atadya cimanga cacuku. Ku Zambia kuno, mu August 2024, caka ca cirala cacikuru, nduna ya zaumoyo, a Elijah Muchima, inalengeza kuti agaru ngati 400 anafa, ndi kuti cipheci cinapezeka mu ufa wa zigayo zina. Cirala cimafooketsa mbeu m'munda, ndipo mbeu yofooka ndiyo imene cuku cimailowa msanga.

Cipheci sicitha ndi kuphika konse. Cikamadyedwa pang'onopang'ono kwa zaka zambiri cimaononga ciwindi, ndipo cingathe kuyambitsa khansa ya ciwalo comweco cimene cimatsuka magazi. Motero mai amene amakhala pa mphasa nasankha mtedza, kutaya wofota, wobooka ndi wosanduka mtundu, wacitira banja lace zabwino zoposa botolo liri lonse la pa msika. Mtedza wotayidwawo usasinjidwe kukhala nsinjiro, ndiponso usapatsidwe ziweto.

Nsima yokha siikwanira

Ziwalo zotsuka thupi nazonso zimafuna kudyetsedwa. M'caka ca 1933 dokotala wamkazi, Cicely Williams, akugwira nchito ku Gold Coast, dziko limene tsopano liri Ghana, analongosola nthenda ya ana oletsedwa kuyamwa amene anali kudya phala la cimanga lokha. Miyendo yao inali kutupa, tsitsi linali kufiira, khungu linali kusupuka. Nthendayo inadzadziwika ndi dzina lakuti kwashiorkor. Mwana wotupa motero safunika kutsukidwa m'mimba, monga ena amaganizira. Afunika cipatala ndi cakudya comanga thupi.

Cakudya cotere siciri kutali. Kapenta, amene mbeu yace inatengedwa ku nyanja ya Tanganyika ndi kuikidwa m'nyanja ya Kariba m'zaka za 1967 ndi 1968, amadyedwa wathunthu, mutu ndi minga yomwe, ndipo motero amalimbitsa mafupa. Wosinjidwa ndi kuthiridwa m'phala amathandiza mwana wamng'ono. Nyemba, khobwe, nzama, mtedza wabwino, mazira ndi mkaka zimamanga thupi. Nkhwani, bonongwe ndi kholowa, zimene anthu a kuno amazicha cibwabwa, bondwe ndi kalembula, zimachinjiriza ku matenda, monganso mango, mapapaya, magwafa ndi malambe. Ophika akumbutsidwe kuti soda ndi cidulo zimaononga mavitamini ena m'ndiwo, ndi kuti masamba asakhalitse pamoto.

Pa nkhani ya ufa, maso amanyenga. Ufa woyera umakondweretsa alendo, koma pokonola cimanga, gaga amacoka pamodzi ndi kamtima ka mbeu, m'mene muli mafuta ndi mavitamini. Mgaiwa wa cimanga cosankhidwa bwino umasunga zimenezi, ndipo gaga wace pamodzi ndi masamba ndi zipatso zimayendetsa matumbo mwa cibadwa cao. Munthu wodya motero, namwa madzi okwanira, sabvutika kawirikawiri ndi kudzimbidwa, kumene kumacititsa ambiri kufunafuna mankhwala otsegula m'mimba. Acepetsenso mowa, umene umapsereza ciwindi, ndi mcere wambiri, umene umakweza kuthamanga kwa magazi ndi kulemetsa impso.

Gawo la mphunzitsi

Akuru anati m'mera mpoyamba. Mwana amene waphunzira zinthu izi m'kalasi amazitengera kwa amace madzulo omwewo. Cotero mphunzitsi ayambe ndi zinthu zooneka ndi maso. Abweretse mbale ya mtedza, ana ausankhe okha ndi kuwerenga woipa pa phunziro la masamu. Alimitse dimba la sukulu, mubzalidwe masamba ndi mitengo ya mapapaya. Pakhale madzi ndi sopo pafupi ndi cimbudzi, ndi ndowa yobvundikira ya madzi akumwa. Afunse ana cimene anadya dzulo, mofatsa ndi mosacititsa manyazi mwana wa wosauka, kuti adziwe mabanja ofunika kuwacezera pamodzi ndi anchito a zaumoyo.

Ndipo kholo likadza ndi botolo m'manja kudzafunsa ngati lingamwetse mwana, mphunzitsi alilandire ndi ulemu, pakuti labwera cifukwa ca cikondi. Alifotokozere nchito ya ciwindi ndi impso, nalionetse kuti ndarama ya botolo limodzilo ikadagula kapenta, nyemba ndi sopo. Ngati mwanayo ali wodwala, amlozere njira ya ku cipatala tsiku lomwelo.