Foni ya Mabatani Tisaipeputse



Ubwino wa foni sindikuuzani, mukuudziwa kale. Mlimi wa mbatatesi amayamba wafunsa mtengo wa ku Lilongwe asanakweze matumba pa Linthipe. Agogo amakatapa pa Mpamba kapena Airtel Money ndalama yochokera kwa mwana ali kutali. Chikutipweteka ndi mtengo. Bandulo imatha usanaone chomwe umafuna, kutchajitsa n'kolipira, ndipo kuseri kwa mapiri athuwa netiweki timachita kuikwerera pachulu.

Komatu zotchipa zinagwirapo ntchito m'dziko muno. Mu 2008, wophunzira wa ku America, Josh Nesbit, anafika pa chipatala cha St Gabriel ku Namitete ndi mafoni akale pafupifupi 100, laputopu imodzi ndi pulogalamu yaulere ya FrontlineSMS. Anthu odzipereka a m'midzi, omwe ankapalasa njinga mtunda wautali kukanena za wodwala mmodzi, anayamba kungolemba uthenga. Intaneti panalibe. Anali mafoni a mabatani omwewa amene achinyamata inu mumabisa m'thumba pamaso pa anzanu! Nacho Chipatala cha pa Foni chinayambira ku Balaka mu 2011, lero chili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo.

Ku Zomba, mu 2013, akatswiri a ku Chancellor College pamodzi ndi bungwe la MACRA anadutsitsa intaneti m'njira za mumlengalenga za wailesi yakanema zomwe zinkangokhala, mpaka inafika kusukulu ndi kuchipatala. Anali ana a Malawi ophunzira fizikisi.

Tsono mafumu anga, mvetsetsani apa. Lamulo la zofalitsa mauthenga la 2016 linakhazikitsa thumba la Universal Service Fund kuti netiweki ifike kumene makampani saonako phindu. Makampani a mafoni amasonkhamo, ndipo iwo ndalamazo amazipeza m'mayunitsi mumagulawo. Mukapempha thandizo la thumba limeneli simukupempha chifundo. Komiti yanu ya chitukuko ilembe mayina a midzi ndi sukulu zimene foni siyigwira, kalatayo ipite ku khonsolo ya Dedza ndi ku MACRA, ndipo aphungu ndi makhansala muilondole.

Inunso musankhe achinyamata, atsikana akhalemo, aphunzire kukonza mafoni ndi sola. Chipangizo chikafa, wochikonza akhale wa m'mudzi momwemuno, tisamadikire munthu wochokera ku Lilongwe.

Gogo Chalo Kaphuka, pa kalata ija ndikupempha kuti dzina lanu likhale loyamba kusaina.